Kukasewera padel kunja: mwezi ndi anthu osewera nawo poyamba, hotelo pambuyo

Ngati mukukonza ulendo wopita kunja kukasewera padel, zithunzi za mahotelo muziike kaye pambali. Dziwe losambiramo, mitengo ya kanjedza, bwalo la buluu likuwala ndi dzuwa la madzulo, zonsezo n'zokopa ndithu, koma sizikuuzani zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti ulendo ukome kapena ndalama zilowe m'madzi. Mukafika kumeneko, mudzapeza anthu a saizi yanu oti musewere nawo? Nanga mwezi umene mwasankhawo, nyengo idzakulolani kulowa m'bwalo nthawi imene mukufuna? Ine ndine Mmalawi wokhala ku England, ndimayendera pasipoti ya kwathu, ndipo ndalama za ulendo wotere ndimachita kusonkhanitsa pang'onopang'ono kwa miyezi. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kuti wina watha tchuthi chake cha pachaka n'kubwerako atasewera mochepa kuposa mmene amasewerera akakhala pakhomo.

Kwa amene sanawaonepo masewerawa, bwalo lake ndi la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, lozunguliridwa ndi magalasi ndi waya, pansi pali udzu wochita kupanga wothira mchenga. Mapointi amawerengedwa ngati a tenisi, koma poyambitsa mpira umaudunditsa pansi kaye n'kuumenya usanapitirire m'chiuno. Ukadunda m'chigawo chako n'kukagunda galasi umakhala ukadali wamoyo, utha kuubweza. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ino n'chakuti padel imafuna anthu anayi, awiri uku awiri uko. Tenisi mutha kupita awiri n'kusangalala sabata yonse. Padel mukapita awiri, tsiku lililonse mufunika anthu ena awiri, ndipo anthuwo akakhala ongoyamba kumene kapena akatswiri okuposani kutalitali, masewera sakoma mbali zonse ziwiri.

Ulendo wina ndinapita ndi mlamu wanga ku gombe la kum'mwera kwa Spain. Tinafikira pa hotelo ina imene inkalengeza kuti ili ndi mabwalo a padel komanso kuti imapezera alendo anzawo osewera nawo. Tisananyamuke tinawalembera imelo kufunsa zimenezi, iwo n'kutitsimikizira. Mabwalo tinawapezadi, awiri, okongola, opanda denga. M'mawa munkakhala ana a alendo akuphunzitsidwa kumenya mpira, masana dzuwa linali losalola, ndipo za osewera nawo zija kunali kapepala pa tebulo lolandirira alendo koti ofuna azilembapo maina. Maina athu anakhala okhaokha pa kapepalapo. Amene anatiombola ndi mnyamata wina woperekera zakudya. Ataona zikwama za maraketi anatiuza kuti iye ndi anzake amasewera ku kalabu ya m'tauni, ulendo wa mphindi zochepa pa takisi, ndipo madzulo omwewo kunali pozo.

Pozo ndi masewera amene makalabu ambiri a ku Spain amakonza sabata ndi sabata. Mumalembetsa, kulipira kandalama, n'kupatsidwa bwalo loyambira. Mabwalo amakhala ndi manambala kuchokera lapamwamba mpaka lotsikitsitsa. Wokonza akaimba wezulo nonse mumayambira limodzi, pakatha mphindi 15 kapena 20 amaimbanso, amene akutsogola amakwera bwalo limodzi, otsalira amatsika. Pomatha maola awiri mwakumana ndi anthu ambirimbiri, ndipo masewerawo akusefani okha mpaka mwapezeka pakati pa a saizi yanu. Kulinso americano, mmene mnzako wosewera naye amasinthasintha ndipo aliyense amasonkhanitsa mapointi akeake. Kwa munthu wopita yekha kapena awiri, sindinaone njira ina yopezera masewera yoposa ziwirizi.

Madzulo amenewo tinakumana ndi agogo awiri, bambo ndi akazi awo, imvi zili mbuu, amayiwo atamanga bondo. Sankathamanga. Mpira uliwonse umene tinkamenya mwamphamvu, iwo ankangopatuka n'kuusiya ukagunde galasi, ukamabwerera n'kuunyamula mofatsa, kuuponya m'mwamba kudutsa pamitu pathu kuti ukagwere pakona penipeni. Ife n'kubwerera m'mbuyo, iwo n'kuyenda kupita pa ukonde, pointi n'kuthera pomwepo. Mlamu wanga anandinong'oneza kuti, "Alamu, tayang'anani miyendo ya amayiwa. Mpira usanachoke pa raketi yanu, iwo aima kale pamene ukupita." Wezulo italira amayiwo anabwera mbali yathu, n'kundigwira pamkono, kundikokera phazi limodzi kumbuyo kwa mzere woyambitsira mpira, n'kuloza pansi kuti ndiziima pamenepo. Kenako analoza galasi, n'kutsitsa dzanja pang'onopang'ono kusonyeza kuti ndizidikira. Chingerezi sankachidziwa, Chisipanishi changa n'chopatsirana moni, koma phunziro linamveka, ndipo mpaka lero ndimaima pomwe anandiimika paja.

Anthu ngati amenewa simungawapeze pa mabwalo awiri a hotelo. Amapezeka kumene eni dera amasewera okha, tsiku ndi tsiku, akaweruka kuntchito. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaika Spain patsogolo pa maiko onse amene munthu angafikeko mosavuta kuchokera kuno. Masewerawa anayambira ku Acapulco, m'dziko la Mexico, mu 1969, pamene Enrique Corcuera anamanga bwalo lotchingidwa ndi makoma pakhomo pake. Mnzake Alfonso de Hohenlohe atawaona anawakonda, ndipo mu 1974 anamanga mabwalo pa Marbella Club, ku Costa del Sol, gombe la kum'mwera kwa Spain. Ndiye kuti m'dera limenelo padel yatha zaka zoposa 50. Kuli agogo amene anayamba kusewera ali anyamata, ana awo, ndi zidzukulu zomwe. Mabwalo ali paliponse, m'makalabu, m'malo amasewera a khonsolo, ngakhale pakati pa nyumba zogona anthu. Kuno ku England mabwalo ndi atsopano komanso abwino, koma osewera ambiri tinachokera ku tenisi ndipo timadalira mphamvu. Kumeneko amadalira kudekha ndi galasi, ndipo zimenezi munthu amaziphunzira posewera nawo, osati pongouzidwa.

Pali njira yodziwira ngati tauni ili ndi osewera musanalipire chilichonse. Playtomic, pulogalamu ya pafoni imene ambiri timasungitsira mabwalo kuno, imagwiranso ntchito ku Spain ndi ku Portugal, ndipo imapatsa wosewera aliyense mlingo kuyambira 0 mpaka 7. Tsegulani mapu a tauni imene mukuiganizirayo muone kuti makalabu ali pafupi ndi angati, kenako muone masewera otseguka, oti mlendo atha kulowapo, amene alipo pa mlingo wanu mkati mwa sabata wamba. Mukaona ali mbwee, dera limenelo ndi labwino. Mukaona amodzi kapena awiri, ganizirani kwina. Dziwaninso kuti nambala yofanana siitanthauza mphamvu zofanana. M'kuona kwanga, wa pa 3 ku Málaga amaposa wa pa 3 kuno, choncho tsiku loyamba lowani masewera otsikirapo pang'ono, mudzakwera mukaona mmene zinthu zilili. Makalabu ena pa pulogalamuyi palibe, amayendetsa zonse m'magulu a WhatsApp, ndipo mukawalembera mwaulemu n'kunena masiku amene mukhalako amakulowetsani.

Ndege kuchokera ku England kukafika ku Málaga imayenda maola pafupifupi atatu. Pabwalo la ndege pomwepo pali sitima imene imadutsa ku Torremolinos ndi Benalmádena n'kukathera ku Fuengirola, mbali inayo n'kulowa mumzinda wa Málaga. Ku Marbella sitima siifika, kumeneko ndi basi, takisi kapena galimoto yobwereka. Marbella ili ndi makalabu otchuka ndi makochi ambiri olankhula Chingerezi, koma zonse n'zodula, ndipo makalabu ali motalikirana moti wopanda galimoto amavutika. Ine ndimakonda Fuengirola kapena Málaga yeniyeniyo. Timachita lendi nyumba ya sabata imodzi pafupi ndi msika, kuphika tokha, kalabu n'kukhala yofikirika wapansi kapena masiteshoni angapo pa sitima. Ndalama imene ikanapita ku hotelo imapita kwa kochi. Bwalo timasungitsa la ola ndi theka, mtengo n'kugawana anayi, ndipo kawirikawiri umatsika poyerekeza ndi wa kuno. Amene sasamala za nyanja aganizire Madrid. Kumeneko makalabu ambiri ali mkati mwa nyumba zikuluzikulu zonga mosungira katundu, moti mvula ndi mphepo sizikukhudzani, ndipo osewera ndi ochuluka pa mlingo uliwonse.

Tsopano za mwezi, pamene ambiri amapunthwa. Munthu amene wakhala miyezi yambiri pansi pa mitambo ya ku England amaganiza kuti dzuwa lochuluka ndiye tchuthi chabwino, n'kusankha Julayi kapena Ogasiti. Kwa wokagona pamchenga zili bwino, koma kwa wokasewera ayi. Magalasi amatchinga kamphepo, udzu wapulasitiki umatentha mpaka kumveka m'nsapato, ndipo thukuta limatsikira pa chogwirira cha raketi. M'mbali mwa nyanja ku Málaga miyezi imeneyi masana kumakhala madigiri 30 kapena kupitirirapo, ndipo kukawomba terral, mphepo youma yotentha yochokera kumtunda, kumatha kufika 40. Mukalowa mkati mwa dziko, ku Seville kapena ku Córdoba, madigiri 40 si chachilendo. Amene anakhalapo ku Nsanje mu Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Zikatero nthawi yosewera imatsala ya m'mamawa ndi ya usiku, ndipo usikuwo ndi umene eni dera onse amaufuna. Iwo chakudya chamadzulo amadya cha m'ma 9 kapena 10 koloko, mabwalo amadzaza kuyambira dzuwa likapendeka mpaka cha m'ma 11, ndipo mlendo amene sanasungitsiretu malo amangoonerera kunja kwa galasi. Ogasiti ndi mwezi umenenso anthu ambiri a ku Spain amapita kutchuthi. Mitengo ya ndege ndi ya pogona imakwera, m'mbali mwa nyanja mumadzaza, makochi ena nawonso amakhala akupuma, komanso pakati pa mweziwo mzinda wa Málaga umakhala pa chikondwerero chake chachikulu cha feria.

Miyezi imene ndimalimbikitsa ndi kumapeto kwa Epulo, Meyi yense, ndi kumayambiriro kwa Juni, kenako kumapeto kwa Sepitembala ndi Okutobala. Masana kumakhala madigiri apakati pa 20 ndi 28, moti utha kuphunzira m'mawa, kupuma, n'kusewera madzulo thupi lisanatope ndi dzuwa. Pa ziwirizi ndimasankha Meyi. Dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, mvula imakhala itachepa, ndipo alendo a m'chilimwe amakhala asanafike. Okutobala ubwino wake ndi woti madzi a m'nyanja amakhala akadali ofunda, zimene ana ndi amene sasewera amasangalala nazo, koma mvula yoyamba itha kukupezani. Chenjerani makamaka ndi gombe la kum'mawa, ku Valencia ndi Alicante, kumene m'miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala kumagwa nthawi zina mvula yoopsa ya kanthawi kochepa imene amaitcha gota fría kapena DANA. Ya pa 29 Okutobala 2024 inasefukiza madzi m'dera la Valencia n'kupha anthu oposa 200. Si chaka chilichonse zimafika pamenepo, koma ngati mwasankha dera limenelo nyengo imeneyo, machenjezo a zanyengo muziwatsatira ndi mtima wonse.

Mkati mwa miyezi yabwinoyi mulinso masabata ofunika kuwazemba ngati thumba ndi lopyapyala. Sabata ya Pasaka, imene iwo amati Semana Santa, mizinda ya kum'mwera imadzaza ndi anthu odzaona maulendo achipembedzo a m'misewu. N'zokongola kuona, koma pogona pamadula ndipo misewu yambiri ya mkati mwa Málaga imatsekedwa. Sabata yomaliza ya Meyi ndi yomaliza ya Okutobala sukulu zambiri za ku England zimakhala zitatseka, matikiti a ndege n'kukwera nthawi yomweyo. Ngati mulibe ana a sukulu, kusuntha ulendo ndi sabata imodzi yokha kumapulumutsa ndalama zooneka.

Chinthu chimene zithunzi sizionetsa n'komwe ndi mame. Ulendo wina wa mu Novembala tinali ndi phunziro la 9 koloko m'mawa pa bwalo lopanda denga pafupi ndi nyanja. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, koma magalasi anali atanyowa. Kochi anatenga mpira n'kuuponya pagalasi. M'malo mobwerera, unangotsetsereka n'kugwera m'munsi. Anapukuta kachigawo ka galasi ndi malaya ake, n'kuponyanso pomwepo, mpira n'kubwerera bwinobwino kufika m'chiuno. Anatiuza kuti m'mawa umenewo za galasi tizisiye kaye, tiphunzire za pa ukonde mpaka dzuwa litaumitsa. Mipira nayo inamwa madzi, ubweya wake utaimirira, inalemera moti chigongono chinkamva pa kumenya kulikonse. Kuyambira Novembala mpaka Malichi zimenezi zimachitika kawirikawiri m'mbali mwa nyanja, m'mawa komanso dzuwa likangolowa. Masewera abwino m'miyezi imeneyo ndi apakati pa 11 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo. Imeneyi ndi miyezi imenenso mvula ya kum'mwera kwa Spain imagwa. Siigwa tsiku lililonse, koma ikayamba itha kutenga masiku angapo. Choncho m'nyengo yozizira musasungitse pogona pafupi ndi kalabu imene ilibe mabwalo ofoleredwa, ndipo mufunse bwino ngati ndi denga lokha kapena ndi mkati mwa nyumba. Denga limateteza ku mvula ndi dzuwa, koma chinyezi ndi mphepo zimalowabe m'mbali.

Mphepo ndi mdani wina amene osewera atsopano saganizira. Mtima wa padel ndi mpira wa m'mwamba uja, ndipo mphepo ikalimba umaponya mpira kuloza pakona iwo n'kukagwera kunja kwa waya. Mukamayandikira ku Gibraltar, Tarifa ndi Cádiz, mphepo ya kum'mawa yotchedwa levante imawomba mwamphamvu masiku otsatizana. Nkhani yomweyi muiganizire ku zilumba za Canary, kumene ambiri amathawira mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Zilumbazi ndi za Spain ngakhale zili kufupi ndi gombe la Africa, ndege kuchokera kuno imayenda maola anayi kapena kupitirira pang'ono, viza ndi yomweyo yolowera ku Spain, ndipo mu Januwale masana kumakhala madigiri ozungulira 20. Pa miyezi imeneyi sindikuona malo ena oposa amenewa. Koma Lanzarote ndi Fuerteventura ndi zilumba za mphepo, n'chifukwa chake okonda masewera a pamadzi amazikonda. Wa padel asankhe kum'mwera kwa Tenerife kapena kum'mwera kwa Gran Canaria, kumene mapiri amatchinjiriza. Kumeneko kumabweranso calima, fumbi lochokera ku chipululu cha Sahara limene limaphimba kumwamba kwa masiku. Ngati muli ndi mphumu nyamulani mankhwala anu, ndipo fumbi likabwera musaumirire kusewera panja.

Malo ena ndingowadutsa mwachangu. Algarve, kum'mwera kwa Portugal, mumatsikira ku Faro, miyezi yabwino ndi yomwe ija, ndipo Chingerezi chimamveka paliponse. Madera ngati Quinta do Lago ndi Vale do Lobo ali ndi mabwalo apamwamba koma mitengo yake ndi ya anthu a gofu. Ku Mallorca kuli Rafa Nadal Academy ku Manacor, imene ilinso ndi mabwalo a padel, koma mahotelo ambiri a m'mbali mwa nyanja pa chilumbachi amatseka m'nyengo yozizira. Dubai ndi ya Novembala mpaka Malichi. Miyezi ya pakati pa chaka kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale kuli mabwalo a mkati oziziritsidwa ndi makina, ulendowo ndi wodula ndipo viza yake ndi ina. Amene amafuna kuphatikiza kusewera ndi kuonera akatswiri monga Agustín Tapia ndi Arturo Coello ayang'ane kalendala ya Premier Padel, mpikisano umene unayamba mu 2022 ndipo umafika ku Doha, ku Foro Italico mumzinda wa Rome, ku Roland Garros ku Paris, ndi m'mizinda ingapo ya ku Spain. Masiku oyambirira a mpikisano matikiti amakhala otchipa ndipo umakhala pafupi ndi galasi.

Kwa ife oyendera pasipoti ya Malawi pali kalendala ina imene anzathu a mapasipoti a ku Britain saiganizira. Iwo atha kuona tikiti yotchipa Lachiwiri n'kunyamuka Lachisanu. Ife timafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain ndi Portugal, ngakhale tili ndi chilolezo chokhala ku UK. Kuyambira mu Juni 2024 malipiro ake ndi mayuro 90 munthu wamkulu, kuwonjezerapo ndalama ina ya ofesi yolandira mafomu. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Yankho nthawi zambiri limatuluka m'masiku 15, koma malamulo amawalola kufika masiku 45. Chovuta chenicheni ndi kupeza tsiku lokaonekera, chifukwa chilimwe chikamayandikira aliyense amakhala akulifuna. Amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa pogona ndi wa ndege, kalata ya kuntchito, masitetimenti a kubanki, ndi pasipoti imene idzakhalabe ndi miyezi itatu mutabwerako komanso masamba awiri opanda kanthu. Mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Ngati nyumba yasungitsidwa m'dzina la munthu mmodzi, pemphani eni ake alembe maina a nonse pa chikalata. Pogona musungitse poti mutha kuimitsa popanda kutaya ndalama, ndipo kochi musamulipire zonse viza isanatuluke. Inshuwalansiyo muiwerenge bwino muone ngati ikuphatikiza kuvulala pa masewera.

Kwa amene muli kwathu ku Malawi, ulendo wa ku Ulaya ndi wolemera, makamaka ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira. South Africa ili pafupi. Ndege kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre imafika ku Johannesburg m'maola osakwana atatu, Mmalawi amaloledwa kucheza masiku 30 popanda viza, ndipo zaka zaposachedwazi mabwalo a padel achuluka kwambiri m'mizinda ikuluikulu. Ndinasewerako nditaima kwa achimwene anga popita kumudzi, ndipo chimene chinandidabwitsa ndi liwiro la mpira. Johannesburg ili pa mtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja, mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka ndi kudumpha kwambiri. Wa m'mwamba umene kunyanja ukanagwera pakona, kumeneko umakagunda galasi usanadunde, pointi n'kupita. Dzipatseni tsiku loti dzanja lizolowere. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imabwera masana, choncho sewerani m'mawa, ndipo ziphaliwali zikayamba tulukani m'bwalo msanga chifukwa mizati yake ndi yachitsulo. Juni ndi Julayi masana kuli dzuwa koma m'mawa ndi usiku kumazizira kwambiri. Epulo, Meyi ndi Sepitembala ndiyo miyezi yabwino. Cape Town nyengo yake ndi ina: mvula imagwa Juni mpaka Ogasiti, ndipo m'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa. Kumeneko pitani mu Malichi kapena Epulo, mphepo itayamba kugona ndiponso alendo a Khirisimasi atabwerera.

Funso lina ndi loti mulipire ulendo wokonzedwa kale, wokhala ndi kochi, pogona ndi masewera, kapena mukonze nokha. Ngati mukupita nokha ndipo chinenero chikukuopsani, wokonzedwawo ndi wabwino, koma musalipire asanakuyankheni momveka kuti pa bwalo limodzi pamakhala ophunzira angati, amagawa bwanji anthu malinga ndi mlingo, kochi amalankhula chinenero chanji, ndipo mvula ikagwa phunziro limapita kuti. Ophunzira akapitirira anayi pa bwalo, nthawi yambiri mudzaithera pa mzere. Ngati muli gulu, konzani nokha, ndipo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amaposa anayi enieni. Wina bondo likamuvuta, kapena akafuna kukacheza ndi banja lake, masewera saima. Ngati akunyumba sasewera, musawatengere kumalo koti kuli mabwalo okhaokha. Mzinda ngati Málaga, wokhala ndi gombe, misika ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale, umasangalatsa onse.

Kochi mumuuze chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukufuna kukonza, osati zonse. Ine ndinapempha bandeja, kumenya kwa pamwamba pa mutu kumene cholinga chake si kupha pointi koma kusataya malo a pa ukonde, ndi kubweza mpira wochokera pagalasi lakumbuyo. Zimenezi zinandikwanira sabata yonse. Thupi nalo mulimvere. Munthu wozolowera kusewera kawiri pa sabata akayamba kawiri pa tsiku, chigongono, katumba ndi mtsempha wa kuchidendene zimayamba kudandaula pakati pa sabata. Phunziro limodzi m'mawa ndi masewera amodzi madzulo n'zokwanira, ndipo pakati pake pakhale tsiku lopuma. Nsapato zikhale zogwira pa udzu wa mchenga komanso zoti munazivalapo kale. Nyamulani zokulungira chogwirira cha raketi zingapo, chifukwa ndi thukuta zimatha msanga. Raketi musaisiye m'galimoto padzuwa, mphira wa mkati mwake umawonongeka ndi kutentha, ndipo funsani kampani ya ndege ngati imalola kulowa nayo m'manja. Mipira mukagule komweko, a pakalabu amadziwa mtundu woyenera nyengo yawo.

Gulu lathu ulendo ukubwerawu lasankha Alicante, sabata yachiwiri ya Meyi, sukulu za kuno zisanatseke. Kalabu imene taipeza ili ndi mabwalo a mkati ndi a panja, ndipo atitumizira kale masiku a pozo. Amene tikufunika viza tagwirizana kuti mafomu tikapereke mu Januwale.